Nyumba ya lendi ndi kabizinesi ku UK: m'dzina lanu, m'kampani, kugulitsa, kapena kumanga kwathu?

Tikakumana Amalawi ndi anzathu a ku Zambia kuno ku UK, kaya ndi kutchalitchi kaya ndi pachisangalalo cha pa 6 Julayi, nkhani ikangofika pa nyumba za lendi kapena kabizinesi, sipalephera wina wonena kuti, "Achimwene, tsegulani kampani, msonkho uchepa." Langizo limeneli lidali ndi mutu pa nthawi yake, ndipo kwa ena likadali nawo. Koma malamulo a msonkho asintha kangapo chiyambire 2015, ndipo lero alipo ambiri amene kampani ingawadyere ndalama m'malo mowasungira. Zimandiwawa kuganiza kuti munthu amene wagwira mashifiti a usiku zaka khumi kuti apeze dipoziti ya nyumba ataye ndalama zake chifukwa chotsata mawu omva pa gulu. N'chifukwa chake ndati tikhale pansi tiwerengere limodzi.

Ziwerengero zonse ndikupereka apa ndi za ku England. Scotland ili ndi milingo yakeyake ya msonkho wa pa malipiro ndi wogulira nyumba, ndipo Wales nayo ili ndi msonkho wake wogulira nyumba.

Pamene padayambira vuto

Mu Julayi 2015, nduna ya zachuma ya nthawiyo, George Osborne, idalengeza lamulo limene eninyumba amangolitchula kuti Section 24. Lidayamba pang'onopang'ono mu Epulo 2017 n'kufika pachimake mu Epulo 2020. Kale, mwininyumba ankachotsa chiwongoladzanja cha mogeji (ngongole yogulira nyumba) pa lendi imene walandira, n'kukhoma msonkho pa zotsalazo. Lero sachotsanso. HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, limawerengera lendiyo ngati kuti banki simukuyipatsa kanthu, ndipo likamaliza limakubwezerani 20 peresenti yokha ya chiwongoladzanjacho.

Kuti zimveke, tiyerekeze namwino amene amalandira £45,000 pachaka ndipo ali ndi nyumba imodzi ya lendi. Alendi amalipira £1,100 pamwezi, kutanthauza £13,200 pachaka. Chiwongoladzanja cha kubanki ndi £7,200, ndipo zokonzakonza, inshuwalansi ndi ejenti zimadya £2,000. Phindu lenileni limene latsala m'manja ndi £4,000. Pa lamulo lakale, malipiro ndi phindulo pamodzi zikadakwana £49,000, pansi pa malire a £50,270 pamene msonkho umadumphira pa 40 peresenti, ndipo akadakhoma £800. Pa lamulo la lero, HMRC imaona phindu la £11,200. Pa ndalama imeneyi, £5,270 imadulidwa 20 peresenti, £5,930 yotsalayo imadulidwa 40 peresenti, zonse pamodzi £3,426. Akachotsapo £1,440 ya chiwongoladzanja ija, msonkho ndi £1,986. Theka la phindu lapita, pamene nyumba ndi yomweyo, alendi ndi omwewo.

Chimene chikukokera anthu ambiri m'dzenje limeneli n'chakuti malire a £12,570, pamene munthu amayambira kukhoma msonkho, ndi a £50,270 aja sakusuntha, ndipo bajeti imene nduna ya zachuma, Rachel Reeves, idapereka mu Novembala 2025 idati akhala pomwepo mpaka 2031. Malipiro akamakwera chaka ndi chaka, munthu amapezeka wawoloka yekha. Kwa amene ali ndi ana pali chinanso: ndalama zanu zikapitirira £60,000 pa mawerengedwe a HMRC, mumayamba kubweza Child Benefit, ndalama imene boma limapereka yothandizira kulera ana, ndipo lendi yosachotsa chiwongoladzanja ija imakukankhirani kumeneko msanga. Bajeti yomweyo idati kuyambira Epulo 2027 msonkho wa pa lendi udzakhala 22, 42 ndi 47 peresenti, ndipo kubweza kwa chiwongoladzanja kudzakhala 22 peresenti. Kwa namwino wathuyu izi zidzangowonjezera pafupifupi £80. Bala lalikulu ndi la 2015 lija.

Kusiya nyumba m'dzina lanu, kapena kuyang'ana m'banja momwemo

Ngati malipiro anu ndi lendi, musanachotse chiwongoladzanja, sizikufika pa £50,270, Section 24 siikukukhudzani kwenikweni. Mumakhoma 20 peresenti, amakubwezerani 20 peresenti. Musavutike ndi kampani. Chimodzimodzinso amene adatsiriza ngongole kapena yatsala pang'ono: opanda chiwongoladzanja chachikulu alibe chimene lamuloli lingawalande.

Kwa amene awoloka malire, mankhwala otsika mtengo nthawi zambiri ali m'nyumba momwemo. Tinene kuti amuna a namwino uja amagwira ntchito ya maola ochepa n'kumalandira £20,000. Nyumba ikadakhala yawo, £11,200 yonse ikadadulidwa 20 peresenti, £2,240, kuchotsa £1,440, kutsala £800. Kusiyana kwake ndi £1,186 chaka chilichonse. Mwamuna ndi mkazi okwatirana mwalamulo amene akukhala limodzi akhoza kupatsana gawo la nyumba popanda msonkho wa phindu la pogulitsa katundu. Nyumba ikakhala m'maina a onse awiri, HMRC imagawa lendi pakati ndi pakati, pokhapokha mutasintha magawo a umwini kwa loya n'kutumiza ku HMRC fomu yotchedwa Form 17 pasanathe masiku 60 chisainireni. Banki nayo iyenera kudziwa, ndipo ngati mnzanuyo akusenza gawo la ngongole, mufunse loya ngati pangakhale Stamp Duty, msonkho wogulira nyumba.

Apa ndiyankhule monga mbale wanu. Kupatsana kumeneku si kwa papepala chabe. Mukalemba kuti 90 peresenti ya nyumba ndi ya akazi anu kapena amuna anu, ndi yawodi, ndipo lendi yake ndi yawo. Nkhani imeneyi ndi ya m'banja isanakhale ya msonkho, ndiye ikambidwe anthu atakhala pansi, mitima ili m'malo.

Kampani: yabwino pogula yatsopano, yowawa posamutsa yakale

Ubwino wa kampani ndi woonekeratu. Section 24 siikhudza makampani, choncho chiwongoladzanja chonse chimachotsedwa. Msonkho wa makampani ndi 19 peresenti pa phindu losapitirira £50,000, ndipo umakwera mpaka 25 peresenti pa phindu lopitirira £250,000. Pa £4,000 ija kampani ikadakhoma £760, n'kutsala ndi £3,240. Koma ndalama imeneyo ndi ya kampani. Kuti ifike m'thumba mwanu ituluke ngati dividend, gawo la phindu limene kampani imapatsa eniake, ndipo pakhomo pamenepo pali msonkho wina. Dividend yaulere idali £5,000 mu 2016, lero ndi £500 yokha, ndipo kuyambira Epulo 2026 msonkho wake ndi 10.75 peresenti kwa a mlingo wapansi (a 20 peresenti aja) ndi 35.75 peresenti kwa a mlingo wapakati (a 40 peresenti aja). Namwino uja atatulutsa zonse angawonjezere pafupifupi £295, zonse pamodzi £1,055. Poyerekeza ndi £1,986, wapulumutsa pafupifupi £930.

Ndiye tichotsepo zimene anthu satchula pa gulu paja. Kampani imafuna maakaunti a chaka ndi chaka ku Companies House, kumene makampani amalembetsedwa, ndi ku HMRC, ndipo akauntanti sagwira ulere. Ngongole ya nyumba ya kampani kawirikawiri imakhala ndi chiwongoladzanja chokwererapo, ndipo banki imafunabe kuti inuyo musaine kuti kampani ikalephera mudzalipira ndinu. Pa nyumba imodzi, £930 ija ikhoza kutha yonse musanaigwire.

Choopsa kwambiri ndi kusamutsa nyumba imene muli nayo kale. Pamaso pa lamulo, inu ndi kampani yanu ndinu anthu awiri, ndiye kusamutsa n'kugulitsa pa mtengo wa pamsika. Tinene kuti nyumbayo mudagula £150,000 ndipo lero ndi ya £200,000. Kampani ikhoma Stamp Duty, pamodzi ndi ndalama yapamwamba imene amalipira ogula nyumba yachiwiri. Imeneyi idayamba pa 3 peresenti mu Epulo 2016 n'kukwera kufika pa 5 peresenti pa 31 Okutobala 2024. Pa nyumba ya £200,000, zonse ndi £11,500. Inunso mukhoma msonkho wa phindu la pogulitsa: £50,000, kuchotsa £3,000 yaulere, pa 24 peresenti, ndi £11,280. Tafika pa £22,780 tisanawerenge loya ndi chindapusa chothetsa mogeji yakale nthawi isanakwane. Kuti £930 ya pachaka ibweze ndalama imeneyi papita zaka zoposa 24. Ndi chikomekome cha mkuyu chimenechi.

Mudzamva ena akunena kuti pali njira yosamutsira popanda msonkho. Lamulo lotere lilipodi, koma ndi la anthu amene nyumba za lendi ndi ntchito yawo yeniyeni, amene amathera maola ambiri pa sabata akuziyendetsa. Munthu wa nyumba imodzi kapena ziwiri, amene zonse amamuchitira ejenti iye ali kuntchito, n'kovuta kuti alowemo. Wina akakulonjezani zimenezi, makamaka atafuna ndalama zambiri patsogolo, kafunseni kaye kwa akauntanti wina amene sakugulitsani kanthu.

Kampani imakoma kwa munthu wamtundu umodzi: amene malipiro ake awoloka kale malire, akugula nyumba yatsopano ndi ngongole yaikulu, ndipo sakufuna kudya lendiyo panopa, akufuna kuiunjika kuti adzagulire ina. Ndalama ikamakhala m'kampani imangodulidwa 19 peresenti. Koma ngati lendiyo ndiyo imalipira fizi ya ana kapena kutumizidwa kwa amayi kumudzi mwezi ndi mwezi, ubwino wake wambiri watha.

Kugulitsa

Ambiri atopa, ndipo sindingawanene. Pamwamba pa msonkho pabwera lamulo la Renters' Rights Act la 2025, limene likuthetsa kutulutsa alendi popanda chifukwa. Wogulitsa adziwe kuti phindu laulere lidatsika kuchoka pa £12,300 kufika pa £6,000 mu 2023 ndi £3,000 mu 2024, ndipo msonkho ndi 18 kapena 24 peresenti malinga ndi ndalama zanu za chaka chimenecho. Muyenera kuuza HMRC ndi kulipira pasanathe masiku 60 chigulitsireni, osadikira fomu ya msonkho ya pachaka ya mu Januwale. Ngati nyumbayo mudakhalamo nokha musanaikemo alendi, zaka zimenezo ndi miyezi 9 yomaliza sizidulidwa msonkho, ndiye sungani umboni wa nthawi imene mudakhalamo. Nyumba ikakhala ya anthu awiri, aliyense ali ndi £3,000 yake.

Kumanga kwathu

Mtima wa ambiri a ife uli kuno. Bwanji osagulitsa n'kukamanga nyumba zingapo ku Area 49, ku Chileka kapena ku Mzuzu? Pali zifukwa zabwino: ngongole ya kubanki palibe, nyumba yodzafikira ilipo, ndipo achibale amapeza pogwira. Koma lendi ya kwathu imabwera m'makwacha. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo palibe mlendi amene angavomere kuti lendi ikwere motero tsiku limodzi. Ngati ndalamazo zizidyedwa konko, kulipirira ana sukulu ndi kusamala makolo, nyumbayo ikugwira ntchito yake. Ngati mukuyembekeza kuti zizikuthandizani kuno m'mapaundi, mudzakhumudwa, poti ngakhale kuzitulutsa kumene n'kovuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti wokhala ku UK amakhoma msonkho pa ndalama zake za dziko lililonse. Lendi ya ku Lilongwe kapena ku Chipata iyenera kulembedwa pa fomu ya msonkho ya pachaka yotchedwa Self Assessment, ngakhale ndalamayo isanachoke m'banki ya kwathu. Kale padali njira yoti anthu ochokera kunja azikhoma pa ndalama zokhazo zimene alowetsa m'dziko muno, koma idatha pa 6 Epulo 2025. Yatsala ndi ya obwera kumene, zaka zawo zinayi zoyambirira zokha. Msonkho umene mwakhoma ku MRA ukhoza kuchotsedwa pa wa kuno kuti musakhome kawiri, ndiye malisiti a MRA musataye.

Nanga amene akubwerera kwathu n'kusiya nyumba kuno? Mukakhala kunja kupitirira miyezi 6, ejenti amalamulidwa kudula msonkho pa lendi asanakutumizireni, pokhapokha HMRC itavomera fomu yanu ya NRL1. Ichitidwe musanakwere ndege.

Ndisaiwale njira yaing'ono imene ndimaikonda kuposa zonsezi kwa munthu woyamba. Mukaika munthu m'chipinda chokhala ndi mipando ndi bedi m'nyumba imene inuyo mukukhalamo, £7,500 yoyamba pachaka ilibe msonkho, pansi pa Rent a Room. Palibe Stamp Duty, palibe mogeji yachiwiri. Ophunzira ndi antchito obwera kumene amafuna malo otere nthawi zonse.

Wa kabizinesi: m'dzina lanu kapena kampani?

Apa kusintha kwake n'kwakukulu kuposa mmene ambiri akuganizira. Titenge mayi amene ali ndi bizinesi yoyeretsa m'maofesi, kapena yophika pa maukwati, ndipo phindu lake ndi £40,000 pachaka. Akakhala m'dzina lake, msonkho wa pa £27,430 imene yapitirira £12,570 ndi £5,486. National Insurance (msonkho wina wa pa ntchito) ya odzilemba okha ntchito idatsika kufika pa 6 peresenti mu Epulo 2024, ndiye ndi £1,646. Zonse pamodzi £7,132.

Akatsegula kampani n'kumadzilipira £12,570 ngati malipiro, kampaniyo ikhoma National Insurance ya olemba ntchito. Kuyambira Epulo 2025 imeneyi ndi 15 peresenti m'malo mwa 13.8, ndipo imayambira pa £5,000 m'malo mwa £9,100. Apa ndi £1,136. Msonkho wa kampani pa zotsalazo ndi £4,996. Akatulutsa zonse ngati dividend, pa mlingo wa 2026, ndi £2,236. Zonse pamodzi zikupitirira £8,360. Kampani yamudyera ndalama yoposa £1,200, akauntanti tisanamulipire. Zaka khumi zapitazo masamu omwewa ankakomera kampani, lero atembenuka.

Sindikunena kuti kampani ilibe ntchito. Imateteza nyumba yanu ndi katundu wanu bizinesi ikagwa m'ngongole, ngati simudasaine kuti mudzalipira nokha. Makasitomala ena akuluakulu safuna kupereka kontilakiti kwa munthu payekha. Ndipo monga pa nyumba paja, amene phindu lake laposa zimene amadya, n'kumasiya zina m'bizinesi kuti agulire galimoto kapena makina, amapindula ndi 19 peresenti ija. Zimenezi ndi zifukwa zomveka. Chifukwa chakuti "msonkho uchepa" ndicho chiyenera kuyesedwa ndi cholembera musanachikhulupirire.

Amene alemba anthu ntchito amva kuwawa kwina. Wantchito wolandira £20,000 ankatengera bwana wake £1,504 ya National Insurance, lero ndi £2,250. Boma lidakweza Employment Allowance, ndalama imene limakhululukira olemba ntchito, kuchoka pa £5,000 kufika pa £10,500, ndiye wa antchito anayi otere sakhoma kanthu. Wa antchito khumi ankakhoma £10,042, lero ndi £12,000, ndipo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka nawo akukwera chaka chilichonse. Kampani imene wolipidwa ndi dayilekitala yekha siilandira chikhululukiro chimenechi, n'chifukwa chake mayi uja sindidamuwerengere. Ena poona izi amayesa kuwatcha antchito awo odzilemba okha. Musatero ngati ndinu amene mumawauza nthawi yobwera ndi mmene agwirire. HMRC imayang'ana mmene ntchito ikuyendera, osati dzina limene mwalemba pa pepala, ndipo amene amavutika kwambiri ndi m'bale wathu yemweyo amene watsala wopanda tchuthi cholipidwa ndi penshoni.

Pa VAT, msonkho wa pa zogulitsa, malire olembetsera ndi £90,000 ya ndalama zolowa pa miyezi 12 iliyonse yotsatizana, osati phindu. Wogulitsa kwa anthu wamba akawoloka, mitengo yake imakwera ndi 20 peresenti kapena phindu lake limatsika. Wogulitsa kwa makampani olembetsa VAT samva kuwawa kwenikweni, poti iwo amakaitenganso. Ndipo amene ali pa viza, aone kaye zimene viza yake imalola. Ya ophunzira siilola kuchita bizinesi.

Chimene chikubwera kwa tonse

Kaya ndinu mwininyumba kaya wa kabizinesi m'dzina lanu, fomu imodzi ya pachaka ija ikusanduka ntchito ya chaka chonse. Pansi pa Making Tax Digital, kuyambira pa 6 Epulo 2026 amene ndalama zawo za lendi ndi bizinesi zimapitirira £50,000 ayenera kusunga maakaunti pa kompyuta kapena pafoni ndi pulogalamu yovomerezeka, n'kumatumiza lipoti miyezi itatu iliyonse. Mu 2027 malire adzatsika kufika pa £30,000, mu 2028 pa £20,000. Chenjerani apa: akuwerengera ndalama zolowa musanachotse kalikonse, ndipo lendi ndi bizinesi amaziphatikiza. Wa nyumba ziwiri za £1,100 pamwezi, £26,400 pachaka, adzalowa mu 2028 ngakhale phindu lake litakhala lochepa. Malipiro a kuntchito sawerengedwa pamenepa, ndipo makampani sali m'gulu limeneli. Tsegulani akaunti ya kubanki yapadera ya lendi kapena bizinesi lero, muzijambula lisiti lililonse tsiku lomwelo.

Pomaliza ndiyankhule ndi amene akhala akulandira lendi zaka zingapo osauza HMRC. Ambiri sadachite dala. Adasamuka, nyumba yakale n'kuikamo mnzawo wa kutchalitchi, ndipo poti lendi inkangothera ku mogeji ankaganiza kuti palibe phindu. Koma gawo la mogeji limene limabweza ngongole yeniyeniyo silichotsedwa pa msonkho, ndipo chiwongoladzanja taona kale mmene akuchiwerengera. HMRC imalandira mauthenga kuchokera kwa maejenti, ku makhonsolo ndi ku Land Registry, kumene umwini wa nyumba umalembedwa. Ili ndi njira yotchedwa Let Property Campaign, imene munthu amadziulula yekha, n'kupatsidwa masiku 90 oti awerengere ndi kulipira. Chindapusa cha wodziulula chimakhala chochepa kuposa cha amene kalata yamupeza kunyumba. Sonkhanitsani masitetimenti a kubanki ndi a mogeji a zaka zonsezo, mupite nawo kwa akauntanti sabata ino.